Kumudzi ndi Dotolo, Kuyunivesite ndi Waganyu

 Ndine wanu uja mumamumva m'mawa pa wailesi akupereka moni kwa odwala ndi kulengeza za maliro. Sabata yatha ndinalonjeza kuti lero tikamba za mtengo wa feteleza, koma mundikhululukire, nkhaniyo iyambe yadikira. Loweruka lapitali kunyumba kwanga kunafika mlendo, ndipo funso limene anabwera nalo landisowetsa tulo.

Mlendoyo ndi amalume anga, mlongo wawo wa amayi, mlimi wa mbatata ya kachewere kumapiri a ku Angónia. Iwo si munthu woyendayenda. Akakwera chapa kubwera ku Tete ndiye kuti kwagwa zovuta. Anafika ndi kathumba ka mbatata paphewa ndi envulopu m'thumba la jekete, ndipo asanamwe ndi madzi omwe anaitulutsa envulopuyo naiika patebulo.

"Iwe mwana wa mlongo wanga," anatero, "umadziwa Chipwitikizi, ndiponso umacheza ndi akuluakulu pa wailesi pako paja. Tandiwerengere pepalali, undiuze chilungamo. Kodi udotolo wa mwana wanga ndi wabodza?"

Pepalalo linali la zotsatira za mpikisano wa ntchito ya uphunzitsi pa sukulu ina ya ukachenjede, imene sindiitchula dzina. Dzina la msuweni wanga linalipo ndithu, koma m'munsi, pa mndandanda wa amene sanatengedwe.

Kuti mumvetse kuwawa kwake, ndiyambe ndakuuzani kumene tachokera. Msuweni wangayu ndiye woyamba pa mtundu wathu wonse kufika ku yunivesite. Anaphunzira zamalamulo zaka zinayi, ndipo pa zaka zinayizo khola la amalume linaphwa ngati chithaphwi m'mwezi wa Okutobala. Ng'ombe zinapita imodziimodzi, ndalama za mbatata zinkangodutsa m'manja. Tsiku limene anabwera ndi pepala lake la licenciatura kunaphedwa mbuzi ziwiri, amayi analuluta mpaka mawu kusasa, ndipo amfumu ataimirira anati mudzi wathu tsopano uli ndi dotolo. Kuyambira tsiku limenelo palibe amamutchula dzina lake la ubwana. Ngakhale agogo amene anamusambitsa ali khanda amati "a Dotolo afika".

Koma mnyamatayu mtima wake suli kubwalo la milandu. Iye amakonda choko ndi bolodi. Kwa zaka zitatu wakhala akuphunzitsa madzulo pa sukulu ija, akulipidwa potsata maola amene waima kutsogolo kwa kalasi. Ophunzira akapita kutchuthi, malipiro akenso amapita kutchuthi. Tsono mpata wa ntchito yokhazikika utatuluka, tonse tinati mpandowo ndi wake kale. Koma anatenga mayi wina wochokera kutali, amene sanaphunzitsepo pamenepo ngakhale tsiku limodzi. Amalume anali ndi mayankho awiri okha: kaya wina anadya ndalama, kaya wina kumudzi wamutchera mwana wawo mankhwala. Anali atayamba kale kuloza chala banja lina loyandikana nalo, ndipo ichi ndicho chinandiopsa koposa.

Ine sukulu ndinalekezera kalasi 12, sindine dotolo wa mtundu uliwonse. Koma ntchito ya pa wailesi inandiphunzitsa kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Ndinapempha msuweni wanga kuti anditumizire chilengezo cha ntchitoyo pa foni, ndipo nditachiwerenga ndinapeza kuti mfiti yake inalembedwa poyera pa mzere wachiwiri. Ankafuna munthu wa doutoramento, ndipo akasowa, wa mestrado. Msuweni wanga alibe zonse ziwiri. Mayi uja ali ndi doutoramento. Sindikulumbira kuti ziphuphu kulibe m'dziko muno, tonse tili ndi maso, koma pa nkhani iyi panalibe chifukwa choti munthu atulutse ndi metikali imodzi yomwe.

Vuto lagona pa liwu lakuti dotolo. Liwu limeneli kwathu kuno limasenza akatundu atatu. Pali dotolo wa kuchipatala, amene tonse timamudziwa. Pali dotolo wa ulemu, ndiye aliyense amene wamaliza licenciatura, makamaka ya zamalamulo. Mwambo umenewu tinautengera kwa Apwitikizi, amene kwawo amatchula womaliza digiri yoyamba kuti senhor doutor. Ndiye pali dotolo wachitatu, wa doutoramento, amene anakwera masitepe awiri pamwamba pa digiri yoyamba. Polankhula onse amamveka chimodzimodzi. Polemba ndi pamene amasiyana: wa ulemu uja amamulembera zilembo ziwiri ndi kadontho, Dr., pamene winayo amamulembera liwu lonse lathunthu, Doutor, ndipo akakhala mphunzitsi wa pa yunivesite amaika Prof. Doutor. Za kadontho kameneko amalume anga palibe anawauzapo. Ngakhale ife a pa wailesi, mlendo akangolowa atavala tayi ndi chikwama cha mapepala m'manja, timangoti "takulandirani a Dotolo" osafunsa kuti ndi dotolo wa mtundu uti.

Akuluakulu athu sakulakwa kuganiza kuti pepala la zamalamulo limatsegula khomo lililonse, chifukwa inalipo nthawi imene zinalidi choncho. Dziko lathu litalandira ufulu mu 1975, boma linaletsa ntchito ya uloya woima pawokha, ndipo ana a dziko lino odziwa malamulo anali owerengeka. Mu 1983 Pulezidenti Samora Machel anatseka gawo lophunzitsa zamalamulo pa Universidade Eduardo Mondlane, lomwe linali lokhalo m'dziko lonse, ndipo linatsegulidwanso mu 1987. Kenaka kunabwera malamulo aakulu a dziko a 1990, mgwirizano wa mtendere wa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndi chisankho choyamba cha zipani zambiri mu 1994. Chaka chomwecho cha 1994 ndi pamene kunakhazikitsidwa bungwe la maloya, Ordem dos Advogados de Moçambique, pamodzi ndi IPAJ, imene imaimira anthu osauka pa milandu. Dziko linafuna oweruza, oimira boma pa milandu, alangizi a m'mabanki ndi aphunzitsi nthawi imodzi, koma anthu ake panalibe. Amene anali ndi licenciatura masiku amenewo ankachita kusankha yekha mpando, ndipo sichinali chachilendo kuona munthu mmodzi ali muofesi m'mawa n'kukaphunzitsa madzulo. Makolo athu ambiri pa nthawiyo ankabwerera chimanjamanja kuchokera kothawa nkhondo ku Malawi, ndipo anaona ndi maso awo mmene dotolo amakhalira. Chithunzi chimenecho chinakhazikika m'mitima mwawo mpaka lero.

Koma gule uja anatha, ng'oma zinasintha. Mu 1996 Universidade Católica de Moçambique inatsegula zitseko, ndi gawo la zamalamulo ku Nampula, ndipo sukulu zina zoima pazokha zinachulukana. Boma nalo linawonjezera zake, monga UniZambeze, imene ili ndi gawo la zaulimi ku Ulónguè ndi la zaumoyo kuno ku Tete, ndiponso Universidade Púnguè imene inabadwa mu 2019. Izi ndi zabwino, chifukwa mwana wa mlimi sachitanso kupita ku Maputo kuti aone m'kati mwa yunivesite. Koma dziwani kuti maphunziro a zamalamulo ndi osavuta kutsegula. Safuna chipatala choyeserera ngati a zaumoyo, safuna makina ngati a zamigodi. Chipinda, mipando, mabuku ndi mphunzitsi, basi mwayamba. N'chifukwa chake sukulu zambiri zinathamangira maphunziro amenewa, ndipo chaka ndi chaka kumatuluka achinyamata ambirimbiri atanyamula pepala lofanana. Chimene chinali chosowa ngati mchere wa nthawi ya nkhondo, lero chili pa msika uliwonse.

Tsono yunivesite ikamalemba mphunzitsi imayang'ana chiyani? Ntchito ya uphunzitsi wa kumeneko ili ngati makwerero a masitepe asanu. Pansi penipeni pali assistente estagiário, kenaka assistente, kenaka professor auxiliar, professor associado, ndipo pamwamba pali professor catedrático. Wa licenciatura yokha, ngati anakhoza bwino kwambiri, angathe kuponda sitepe yoyamba, ndipo amayembekezeka kuti apitirize kuphunzira. Kuti munthu atchedwe professor, njira yake yodziwika ndi doutoramento. Wopanda pepala limenelo angaphunzitse mpaka imvi, koma adzakalambira m'munsi mwa makwerero, kapena kunja kwake kumene, monga msuweni wanga amene ali waganyu wovala tayi.

Nanga doutoramento ndi chiyani kuti ilemere chonchi? Pa licenciatura munthu amaphunzira zimene ena analemba: lamulo lakuti likuti chiyani, mlandu umayamba bwanji, wosakhutira ndi chigamulo amapita kuti. Pa mestrado, imene imatenga pafupifupi zaka ziwiri, amayamba kufufuza payekha. Pa doutoramento amatha zaka zitatu, zinayi kapena kuposerapo akukumba funso limodzi lomwe palibe analiyankhapo, nalemba buku lalikulu, nakaima pamaso pa akatswiri amene ntchito yawo tsiku limenelo ndi kufunafuna pamene bukulo likudontha. Amalume ndinawauza motere: "Amalume, mwana wanu anaphunzira kulima ndi khasu, ndipo amalima bwino. Koma aja ankafuna wosula makasu." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Nanga bwanji sanatiuze pamene tinkagulitsa ng'ombe?" Funso limenelo ndilibwerera kumapeto.

Kusula makasu m'zamalamulo kumaoneka motere. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa, komanso limavomereza kuti anthu amene akhala pa malo potsata mwambo wa makolo ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo ngakhale alibe pepala. Loya amatenga mlandu wa mayi mmodzi wamasiye amene akulandidwa dimba, nauwina kapena kuuluza, n'kupita ku mlandu wina. Wofufuza amapita ku Cateme, kumene mabanja anasamutsidwira kuchoka ku Moatize mu 2009 ndi 2010 kuti mgodi wa malasha upeze malo, nakhala pansi ndi mabanja ambirimbiri, nayerekeza zimene lamulo limalonjeza ndi zimene anthu anapeza. Kapena amazungulira mabwalo a m'midzi amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, kuti aone mmene amaweruzira nkhani za chuma cha masiye kumene mwana amatsata mtundu wa mayi ndi kumene amatsata wa bambo. Zimene wapeza amazilemba, anzake amazitsutsa kapena kuzivomereza, ndipo tsiku lina aphungu a ku Assembleia da República pokonza lamulo angathe kutsamira pa zolembazo. Yunivesite inakhazikitsidwiranso ntchito imeneyo, osati kuphunzitsa kokha.

Palinso chifukwa china chimene akuluakulu a sukulu sanena mokweza. Boma lili ndi bungwe lotchedwa CNAQ limene limayendera sukulu za ukachenjede kuyesa ngati maphunziro ake ali oyenera, ndipo chimodzi mwa zimene limayang'ana ndi mapepala a aphunzitsi: a doutoramento ndi angati, a mestrado ndi angati. Komanso sukulu imene ikufuna kutsegula maphunziro a mestrado imafunika madotolo enieni oti aziyang'anira ofufuza. Choncho mayi uja polowa pakhomo anabweretsa chinthu chimene sukuluyo ingaonetse kwa oyendera, pamene msuweni wanga, ngakhale ophunzira amamukonda, pa sikelo imeneyo salemera kanthu.

Mwina wina anganene kuti izi ndi za kwathu kuno kokha, kumene zinthu zimakonda kukhota. Ayi ndithu. Tiyeni tiwoloke nyanja pang'ono tikaone ku Amereka, kumene nkhani yomweyi ndi yakale. Kumeneko munthu sayamba zamalamulo atangochoka ku sekondale. Amayamba watenga digiri ina ya zaka zinayi, kenaka n'kuwonjezera zaka zitatu za malamulo, ndipo pepala limene amalandira limatchedwa Juris Doctor, mwachidule JD. Mwaliona liwu lija? Dotolo walowanso. Kale pepala lomwelo linkatchedwa LLB, dzina la digiri yoyamba, koma m'zaka za m'ma 1960 sukulu zambiri zinalisintha dzina, ndipo Yale, imene inali m'gulu la zomalizira, inasintha mu 1971. Dzina linakwera, koma maphunziro anakhala omwewo, okonzekeretsa munthu kukagwira ntchito ya uloya, opanda buku lalikulu lija la kafukufuku.

Zotsatira zake n'zakuti mwini JD akafunsira uphunzitsi wokhazikika ku gawo la zandale, la mbiri yakale, kapena la maphunziro a za umbanda ndi apolisi, kawirikawiri amauzidwa kuti akufuna wa PhD, imene ndiyo doutoramento yawo. Amamulola kuphunzitsa phunziro limodzi kapena awiri mwa ganyu, monga msuweni wanga. Kumene JD imalemera ndi ku sukulu za malamulo zenizenizo. Barack Obama, ndi JD yake ya ku Harvard ya 1991, anaphunzitsa malamulo pa University of Chicago kuyambira 1992 mpaka 2004. Komabe ngakhale kumeneko chipata chikunka chichepa. Amakonda ochokera ku sukulu zochepa zotchuka, amene alemba kale nkhani za kafukufuku, ndipo ambiri mwa olembedwa ntchito amabwera ndi PhD pambali pa JD. Yale yomwe ija inafika potsegula PhD ya zamalamulo mu 2013, cholinga chake kukonzekeretsa aphunzitsi.

Ku Portugal, kumene tinatengera ulemu wa senhor doutor, anasintha lamulo la aphunzitsi a m'mayunivesite mu 2009, kotero kuti khomo lolowera ntchito yokhazikika ndi doutoramento basi. Ndipo tisapite patali: Eduardo Mondlane, amene yunivesite yathu yaikulu inatenga dzina lake mu 1976, anakaphunzitsa pa Syracuse University atatenga kale doutoramento yake ku Northwestern mu 1960. Udotolo wake unali wa liwu lathunthu.

Mpaka pano mwina mukuti wa pa wailesi wagulidwa ndi a yunivesite. Dekhani, nanenso ndili ndi dandaulo langa, ndipo lili pawiri.

Loyamba ndi lakuti muyeso umenewu umataya anthu ofunika. Woweruza amene wakhala zaka 20 akumva milandu ya malire a minda, akumvera mboni kudzera mwa womasulira chifukwa bwalo limayankhula Chipwitikizi pamene mwini mlandu amalota m'Chichewa kapena m'Chinyungwe, amadziwa zinthu zimene sizipezeka m'buku lililonse. Wophunzira amene sanakumanepo ndi mphunzitsi wotere amatuluka akudziwa manambala a ndime za malamulo, koma osadziwa kufunsa mboni yamantha. Apwitikizi omwewo analiona vutoli, ndipo mu 2009 momwemo anakonza njira ya especialista m'sukulu zawo zotchedwa politécnico, kuti munthu amene watha zaka 10 pa ntchito yake ayesedwe ndi kuvomerezedwa ngati katswiri woyenera kuphunzitsa. Pajatu wosula amene sanalimepo amasula khasu lothyola msana.

Lachiwiri ndi lowawa kwambiri. Sukulu imene yadyera thukuta la mnyamata zaka zitatu, ikumulipira pa ola, inali ndi nthawi yokwanira yomuitana n'kumuuza kuti pano sudzakhazikika popanda mestrado, tiye tikuthandize kupeza njira. Sinatero, chifukwa waganyu ndi wotchipa. Ndipo sukulu zikamalengeza maphunziro awo pa wailesi, ine ndemwe ndikuwerenga zilengezozo ndi mawu okoma, sizinena kuti pepalali limafika pati ndipo limalekera pati. Pamenepa nanenso ndili ndi gawo langa la mlandu. Onjezani apo kuti mipata yambiri ya mestrado ndi doutoramento ili ku Maputo, m'mizinda ina ikuluikulu, kapena kunja kwa dziko, ndipo ndalama zake si za mlimi wa mbatata. Tikapanda kusamala, mipando ya uprofesa idzakhala ya ana a anthu amene anali kale ndi mipando.

Komatu tisataye nkhwangwa ndi mpini womwe. Pepala la msuweni wanga si labodza. Lili ndi makomo ake amene limatsegula, ndipo ndi makomo aulemu. Nalo munthu angathe kulembetsa ku Ordem dos Advogados, kuphunzira ntchito pansi pa loya wamkulu, kulemba mayeso, n'kukhala loya wovomerezeka. Angathe kupikisana kuti alowe ku Centro de Formação Jurídica e Judiciária ku Matola, kumene amaphunzitsa oweruza ndi oimira boma pa milandu. Angathe kugwira ntchito ku IPAJ, ku ofesi ya kalembera wa maukwati ndi ana obadwa, m'makampani, kapena m'maofesi a boma. M'madera athu akutali monga Chifunde, Marávia ndi Zumbo, munthu wodziwa malamulo amene angamve mayi wokalamba m'chiyankhulo chake ndi wofunika ngati mvula. Chimene pepalalo silichita palokha ndi kumukhazika munthu pa mpando wa uprofesa. Kiyi wa kusitolo satsegula kutchalitchi, koma sindiye kuti ndi kiyi wabodza.

Usiku umenewo, amalume atagona, ndinamuimbira foni msuweni wanga. Ndinamufunsa kuti, "Msuweni, chilengezo chija unachiwerenga usanapereke mapepala ako?" Anakhala chete, kenaka anavomera. Ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti mwayi wake unali wochepa. Ndinamufunsanso kuti nanga bwanji walekerera bambo ako kuloza chala anthu osalakwa. Yankho lake linandimvetsa chisoni. Anati, "Ndikanayamba bwanji kuwauza kuti udotolo umene anaugula ndi ng'ombe zawo ndi wa kadontho?"

Taonani abale anga zimene ulemu wopitirira umachita. Tinamuveka mnyamata chipewa chachikulu kuposa mutu wake, ndipo chamuphimba m'maso ndi pakamwa pomwe. Manyazi ake akanatha kuyatsa moto pakati pa mabanja awiri amene akhala akubwerekana ngolo kuyambira asanathawe nkhondo.

M'mawa mwake amalume anadzuka ndi ganizo latsopano. Kwatsala ng'ombe ziwiri zokoka ngolo ndi pulawo, ndipo anati azigulitsa kuti mwana akatenge udotolo weniweniwo. Ndinawagwira mwendo kuti asatero. Ng'ombe ziwiri sizingafikitse munthu ku doutoramento, zingangomusiya pakati pa mtsinje, kumudzi kulibe cholimira, kusukulu kulibe pepala. Tinagwirizana kuti mnyamatayo ayambe walembetsa ku Ordem kuti azidya za pepala limene ali nalo kale, uku akufunsira thandizo ku Instituto de Bolsas de Estudo ndi kwina kulikonse kumene lingapezeke, ndipo mestrado aiyambe ndi ndalama zake. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Tinagwirizananso kuti Lamlungu likubwerali apite kumudzi, akakhale pansi ndi bambo ake, ndipo onse awiri akapepese banja lija.

Funso la amalume lija, lakuti bwanji sanatiuze, yankho lake ndi lakuti aliyense ankadyapo pa kusanenako. Sukulu inkalandira ndalama, mudzi unkanyadira dotolo wake, ife a pa wailesi tinkawerenga zilengezo, ndipo mnyamata ankamva kukoma kupatsidwa mpando wa kutsogolo pa ukwati ndi pa maliro. Wolipira yekha ndiye sanauzidwe.

Tsono inu makolo amene mwana wanu akumaliza kalasi 12 chaka chino, ndi inu achinyamata amene mukulota mkanjo wakuda, musanatsegule khola funsani mafunso awa. Mwanayu akufuna kudzagwira ntchito yanji kwenikweni, ya kubwalo la milandu kapena ya m'kalasi? Ntchito imeneyo imafuna pepala liti, loyamba, lachiwiri kapena lachitatu? Maphunzirowo ndi ovomerezeka ndi boma? Amene anamaliza pa sukulu imeneyo zaka zitatu zapitazo ali kuti lero? Ngati cholinga ndi uprofesa, werengerani zaka 9 kapena 10, osati zinayi, ndipo mwanayo ayambe msanga kukhoza bwino, kuzolowera kulemba, ndi kuphunzira Chingerezi pambali pa Chipwitikizi, pakuti mabuku ambiri a kafukufuku ndi mipata yambiri ya thandizo zimadzera m'chiyankhulo chimenecho. Musachite manyazi kufunsa pamaso pa ovala matayi, ng'ombezo ndi zanu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Pokawaperekeza kokwerera chapa, amalume anaima nandifunsa kuti, "Tsono tizimutchula kuti chiyani?" Ndinati, "Dzina limene munamupatsa inu, amalume. Limene lija silifuna pepala." Anaseka koyamba chifikire, nati iwo akayesa, koma agogo palibe angawasinthe.

Inu mukuti bwanji? Kodi yunivesite ikuchita bwino kuika wofufuza patsogolo pa munthu amene waima m'kalasi kapena m'bwalo la milandu zaka zambiri? Lembani kalata ku tsamba lino, m'Chichewa kapena m'Chipwitikizi, makamaka inu aphunzitsi olipidwa pa ola ndi inu makolo amene makola anu anaphwa. Sabata yamawa, Mulungu akalola, tikamba za feteleza uja. Tsalani bwino.